Chilumba chinacho chikuoneka ndi maso: kodi kuwoloka pa sitima n'koopsa?

Funso: Mwezi wamawa ndiyenera kuwoloka kuchokera pachilumba china kupita pa chinzake choyandikana nacho. Ndidzakhala ndi mayi anga a zaka 70 ndi mwana wanga wa zaka 4. Tonse atatu sitinakwerepo sitima yapamadzi ndipo sitidziwa kusambira. Andiuza kuti pali sitima yaikulu yoyenda pang'onopang'ono komanso boti lothamanga. Anzanga akuti ndisade nkhawa chifukwa chilumbacho chimaoneka ndi maso munthu akaima pagombe. Ndikwere chiti, nanga ndikonzekere bwanji?

Yankho: Mayi, ndiyambe ndi zimene mukufuna kumva kuti mtima ukhale m'malo. Kwerani sitima yaikuluyo, ndipo ngati imanyamuka kangapo patsiku, sankhani ya m'mawa. Anthu mamiliyoni amawoloka chonchi tsiku ndi tsiku padziko lapansi, ana asukulu, odwala, amalonda, n'kukafika bwinobwino. Koma mawu a anzanuwo ndi amene andichititsa kulemba motalika. Pa zaka zimene ndagwira ntchito m'sitima zonyamula anthu ndawamva kambirimbiri, ndipo ndaona kuti ulendo waufupi ndi umene anthu amauderera. Paulendo wa masiku atatu aliyense amafunsa komwe kuli majekete oyandamitsa. Paulendo wa ola limodzi palibe amene amafunsa, ngakhale kuti madzi ake ndi omwewo.

Madzi a pakati pa zilumba ziwiri sali ngati a pagombe pomwe mwaimapo. Pakatipo ndi mpata, ndipo mphepo ikafika pampata imapanikizika n'kuwonjezera mphamvu, monga imachitira pakati pa nyumba ziwiri zoyandikana. Madzi nawonso amatero. Panyanja zamchere, kumene madzi amadzaza ndi kuphwa kawiri patsiku m'malo ambiri, madzi onsewo amadutsa pampata womwewo akuthamanga ngati mtsinje, pamwamba pakuoneka bata. Ikachitika kuti mphepo ikuwombera uku pamene madzi akuthamangira uko, mafunde amafupika n'kuima chilili, akumatsatana pafupipafupi, moti boti lisanatsike pa funde limodzi lina lafika kale. Mafunde otere ndi ovuta kuposa mafunde aataliatali a pakati pa nyanja yaikulu, amene sitima imangokwera ndi kutsika mofatsa. Mpata wa Cook Strait, pakati pa zilumba ziwiri zikuluzikulu za New Zealand, ndi makilomita 22 okha pamalo ake opapatiza, koma oyendetsa sitima amaupatsa ulemu waukulu. Pa 10 Epulo 1968 sitima ya Wahine, yochokera kuchilumba cha kummwera, inagunda miyala pakhomo penipeni pa doko la Wellington kuli namondwe, kenako inagubuduzika anthu akumtunda akuona. Anthu 51 anafa tsiku lomwelo. Nyanja za madzi opanda mchere sizidzaza ndi kuphwa choncho, koma mphepo yake imadzuka mwadzidzidzi ndipo mafunde ake amakhalanso afupiafupi.

Ndanena za m'mawa chifukwa m'malo ambiri dzuwa likatenthetsa mtunda, mphepo imakula chakumasana mpaka madzulo. Pali madera ena kumene mphepo ili ndi nthawi yake ina, choncho funsani asodzi kapena ogwira ntchito padoko, iwo amadziwa bwino kuposa ogulitsa matikiti. Ubwino wina wa m'mawa ndi wakuti ulendo ukalephereka mumakhala ndi tsiku lonse loti mupeze wina, ndipo mumakafika kukuwala.

Tsono za boti lothamanga. Silili loipa, ndipo munthu wamphamvu zake kukakhala bata akhoza kulikwera. Pakati pa Bali ndi Lombok ku Indonesia sitima yaikulu imatenga maola 4 kapena 5, pamene maboti othamanga amadula nthawiyo kwambiri, n'chifukwa chake alendo amawakonda. Koma liwiro limenelo lili ndi mtengo wake pathupi. Boti lopepuka likamathamanga pamafunde limadumpha n'kumenyetsa pansi pake pamadzi, ndipo kugunda konseko kumathera mumsana mwa wokwera, makamaka amene wakhala kutsogolo. Kwa mayi a zaka 70, amene mafupa awo sangakhale olimba ngati kale, kugunda kumodzi kwamphamvu kukhoza kuwavulaza msana. Mwana wa zaka 4 nayenso sangathe kudzigwira pampando. Onjezerani kuti nyengo ikaipa maboti ang'onoang'ono ndi amene amayamba kuletsedwa, polowera pake pamakhala popapatiza, ndipo ena alibe chimbudzi. Ngati zitavuta n'kukhala kuti botilo ndi lokhalo limene lilipo, khalani kumbuyo kapena pakati, osati kutsogolo, ndipo majekete muvale lisananyamuke.

Musaganize kuti ukulu wa sitima ndiwo chitetezo chonse. Chimene chapha anthu ambiri pamaulendo a pakati pa zilumba ndi kudzazitsa, ndipo apa ndi pamene maso anu ali ndi ntchito. Sitima imaima chilili chifukwa zolemera zake zili pansi: injini, mafuta, madzi amene amathiridwa dala m'matanki a pansi. Ikapendekera mbali imodzi, kulemera kwa pansiko kumaibweza. Mukaunjika anthu ndi katundu pamwamba, mphamvu yodzibwezayo imachepa, ndipo sitimayo imamiranso kwambiri m'madzi moti funde laling'ono likhoza kulowa. Sitima yodzazitsa ikhoza kuyenda ulendo wonse bwinobwino kambirimbiri, n'chifukwa chake eni ake ndi okwera amazolowera. Imangofuna tsiku limodzi la funde lochokera m'mbali kapena kukhota kwamphamvu.

Ndiye fikani padoko msanga, ola lathunthu isanakwane nthawi, muione sitimayo musanakwere. M'mbali mwa sitima zikuluzikulu, chapakati, mumakhala chizindikiro cha bwalo lodulidwa ndi mzere wopingasa, pafupi pake pali timizere tina. Chimatchedwa mzere wa Plimsoll, potengera dzina la Samuel Plimsoll, phungu wa nyumba ya malamulo ku Britain amene analimbana ndi eni sitima odzazitsa mpaka lamulo linakhazikitsidwa mu 1876. Chizindikirocho chimasonyeza pamene sitima iyenera kulekezera kumira ikanyamula katundu. Chikabisika chonse m'madzi, sitimayo yanyamula mopitirira. Maboti ang'onoang'ono ambiri alibe chizindikirochi, choncho onani kutalika kwa mbali yake kuchokera pamadzi: ngati munthu wokhala pampando akhoza kukhudza madzi ndi dzanja osawerama, boti limenelo ladzaza. Onaninso ngati sitima yaima mowongoka kapena yapendekera ili padoko pomwepo. Onani ngati pali munthu amene akuwerenga olowa, kapena anthu akungokhamukira m'kati. Onani ngati katundu wamangidwa, komanso ngati matumba atseka njira ndi makwerero.

Mukaona zinthu zosakhala bwino, musakwere. Ndikudziwa kuti n'kovuta: tikiti mwalipira, achibale akudikira kutsidyako, anthu onse akulowa, ndipo mukuopa kuoneka wamantha. Koma taonani izi. Usiku wa pa 10 Sepitembala 2011 sitima ya Spice Islander I inamira pakati pa zilumba za Unguja ndi Pemba ku Zanzibar itanyamula anthu ndi katundu mopitirira kutali muyezo wake, ndipo anthu mazanamazana anafa. Opulumuka anafotokoza kuti panali ena amene anakana kukwera ataona mmene inadzazira. Amenewo anangotaya tsiku limodzi. Mwina mungafunse kuti nanga malamulo ali kuti. Pali pangano la mayiko la chitetezo cha anthu panyanja lotchedwa SOLAS, limene linayamba mu 1914 sitima ya Titanic itamira mu 1912, ndipo limene likugwira ntchito lero ndi la 1974. Koma panganoli limakhudza makamaka sitima zoyenda pakati pa mayiko. Sitima yoyenda pakati pa zilumba ziwiri za dziko limodzi imatsata malamulo a dzikolo, ndipo kwina amawatsatiradi mosamala, kwina amangokhala papepala. N'chifukwa chake ndikukuuzani kuti muone nokha.

Tikiti gulani pamalo ovomerezeka, ndipo onetsetsani kuti mayina anu atatu, ndi la mwana lomwe, alembedwa m'kaundula wa okwera. Anthu amaona ngati kulemba dzina n'kuchedwetsa mzere. Kaundulayo ndi amene amauza kaputeni kuti anthu akwana, ndipo pakachitika ngozi ndi amene amauza opulumutsa kuti akufunafuna anthu angati. Munthu wolowa mozemba, wopereka ndalama m'manja mwa wapakhomo, m'kaundula mulibe.

Mukalowa, musathamangire kupeza mpando n'kukhala phee. Mphindi zisanu zoyambirira zigwiritseni ntchito motere: funsani wogwira ntchito m'sitimamo kuti majekete ali pati, muwaone ndi maso anu, ndipo mufunse makamaka la mwana. Jekete la munthu wamkulu pa mwana wa zaka 4 silithandiza, mwanayo amatulukiramo chapansi akangolowa m'madzi. La mwana liyenera kumugwira bwino ndipo likhale ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo. Ngati muli ndi njira yopezera lanu musananyamuke, pezani, chifukwa majekete a ana ndi amene amasowa kawirikawiri. Yesani kumanga limodzi muli pabata, muone mmene malamba ake amalowera, muwasonyezenso mayi anu. Kenako yendani njira yochokera pampando wanu kukafika panja pamwamba, muwerenge makomo ndi makwerero, kuti ngakhale magetsi atazima muidziwe. Kusadziwa kusambira kusakufooketseni. Jekete lomangidwa bwino limayandamitsa munthu nkhope ili kumwamba, ndipo pangozi zambiri wodziwa kusambira wopanda jekete amatopa msanga kuposa wosadziwa amene walivala.

Pokhala, ine ndimasankha chapakati pa sitima, pafupi ndi khomo lotulukira panja. Pakati ndi pamene sitima imagwedezeka pang'ono, pamene kutsogolo ndi kumbuyo kumakwera ndi kutsika kwambiri. Zipinda za pansi penipeni n'zabata ndithu, koma n'zakutali ndi potulukira, ndipo ndi mayi okalamba ndi mwana simukufuna makwerero atatu pakati pa inu ndi kunja. Mwana musamusiye dzanja mukakhala panja. Zitsulo zotchinga m'mbali zinapangidwira anthu akuluakulu, ndipo mwana amakwera pa izo m'kanthawi kochepa.

Chizindikiro cha ngozi m'sitima ndi kulira kwa hutala kapena belu kafupikafupi kasanu ndi kawiri, kotsatiridwa ndi kumodzi kotalika. Mukamva zimenezo, tengani majekete, siyani katundu, pitani kumalo osonkhanira amene asonyezedwa ndi zikwangwani zobiriwira. Mverani ogwira ntchito, chifukwa anaphunzitsidwa ndipo chipwirikiti chimapha. Koma pali chinthu chimodzi chimene ndimauza aliyense mosabisa. Pa 16 Epulo 2014 sitima ya Sewol inagubuduzika ku South Korea ikupita kuchilumba cha Jeju, ndipo anthu 304 anafa, ambiri mwa iwo ana asukulu. Anauzidwa mobwerezabwereza kuti akhale pomwe ali, anamvera, ndipo sitimayo itapendekera kwambiri makonde anasanduka maenje osakwereka. Ndiye sitima ikapendekera mbali imodzi osabwerera, ikungowonjezera, tulukani mupite panja pamwamba nthawi yomweyo, ngakhale wina akunena kuti mudikire m'chipinda. Kuima panja sikusokoneza ntchito ya aliyense. Ngati madzi alowa kale m'chipinda, jekete lingonyamulani m'manja mukavalire panja, chifukwa likhoza kukukanikizirani kudenga n'kukulepheretsani kudutsa pakhomo.

Zitafika poti mulowe m'madzi, jekete ligwireni molikokera pansi kuti lisakumenyeni chibwano, dzanja lina litseke mphuno ndi pakamwa, miyendo pamodzi. Mphindi yoyamba m'madzi ozizira mpweya umabanika ndipo thupi limafuna kuphiriphitha. Musalimbane nawo madzi, ingoyandamani mpaka kupuma kubwerere. Senderani kutali pang'ono ndi sitima, mukumbatirane atatu mwana ali pakati, ndipo musayese kusambira kupita kugombe ngakhale likuoneka pafupi. Pamadzi maso amanama pa za mtunda, ndipo madzi othamanga aja amakutengani. Opulumutsa amapeza msanga gulu la anthu pafupi ndi pamene pachitikira ngozi kusiyana ndi mutu umodzi pakati pa mafunde.

Ngati sitimayo imanyamulanso magalimoto, musakhale m'galimoto kapena pamalo oimika magalimoto ulendo uli m'kati. Malo amenewo ndi chipinda chimodzi chachikulu chopanda makoma, ndipo madzi akalowamo amathamangira mbali imodzi onse pamodzi. Aliyense amene ananyamulapo beseni lalikulu la madzi osadzaza akudziwa mmene limapendekera m'manja madzi akangoyamba kuyenda. Zimenezi ndi zomwe zinagubuduza sitima ya Herald of Free Enterprise pa 6 Malichi 1987, itangotuluka padoko la Zeebrugge ku Belgium zitseko zake za kutsogolo zili zotsegula. Inagona chammbali m'mphindi zosakwana ziwiri ndipo anthu 193 anafa.

Chimene mudzakumane nacho kwenikweni, kuposa zonse ndatchulazi, ndi nseru. Imabwera chifukwa m'kati mwa khutu, mmene muli ziwalo zothandiza thupi kuima bwino, mukumva kugwedezeka pamene maso akuona khoma losasuntha, ndiye ubongo umasokonezeka. Mankhwala ake oyamba ndi kugwirizanitsa ziwirizi: khalani pamalo opita mphepo, yang'anani kutali komwe madzi akumana ndi thambo, kapena chilumba chomwe mukupitacho. Foni ndi buku zisiyeni m'chikwama. Pewani fungo la injini. Musakwere ndi njala, musakwerenso mutakhuta zamafuta, ndipo madzi akumwa muzimwa pang'onopang'ono. Zikavuta, gonani chagada n'kutseka maso. Ana a zaka za pakati pa 2 ndi 12 ndi amene imawagwira kwambiri, choncho mwana wanu mutengereni zovala zosinthira ndi timapepala tapulasitiki. Mapiritsi oletsa nseru alipo, monga cinnarizine, dimenhydrinate ndi hyoscine, ndipo amamwedwa musanakwere, chifukwa kusanza kukayamba sakhazikika m'mimba. Ambiri amagonetsa. Musangowagula n'kupatsa mayi anu kapena mwana: hyoscine, mwachitsanzo, sayenera munthu amene ali ndi matenda ena a maso otchedwa glaucoma ndipo akhoza kusokoneza mutu okalamba, komanso muyezo wa mwana ndi wina. Funsani dokotala kapena wa kufamase, mumuuze mankhwala amene mayi amamwa kale.

Za nthawi ndi mapepala ndingodutsamo mwachangu. Ndandanda ya sitima za pakati pa zilumba imasintha ndi nyengo, choncho tsimikizani dzulo lake, ndipo mufunse dzina la doko, popeza chilumba chimodzi chimatha kukhala ndi madoko angapo otalikirana. Kumene sitima zimayenda pafupipafupi, monga pakati pa zilumba za Malta ndi Gozo ku Ulaya pomwe kuwoloka kumatenga mphindi pafupifupi 25, kuphonya imodzi si nkhani. Kumene imabwera kamodzi patsiku kapena pamlungu, kuphonya n'kugona komweko. Musadalire sitima yomaliza ngati muli ndi ndege kapena tsiku la kuchipatala kutsogolo, siyani tsiku limodzi la padera ndi ndalama yogonera. Kaputeni akalepheretsa ulendo chifukwa cha mphepo, musakhale m'gulu la omukalipira, ndiponso musathamangire kwa mwini boti amene akuti iye akhoza kukuwolotsani. Tengani ziphaso, ndipo dziwani kuti zilumba zoyandikana zimatha kukhala za maulamuliro awiri: kuchokera ku Saint Martin kupita ku Anguilla, zilumba za ku Caribbean, ndi ulendo wosakwana theka la ola, koma pamafunika pasipoti. Mankhwala a mayi, ziphaso ndi foni zikhale m'kachikwama ka pathupi, zokulungidwa m'pulasitiki, osati m'sutikesi imene ikaikidwe pansi pa mulu wa katundu.

Funsaninso ngati kutsidyako kuli doko lofikapo sitima. Pazilumba zina sitima imaponya nangula patali, anthu n'kumatsikira m'maboti ang'onoang'ono. Pamenepo ndi pamene anthu amavulala kwambiri, chifukwa boti limakwera ndi kutsika pamene sitima yaima. Manja onse awiri akhale opanda kanthu, katundu apite payekha. Dikirani boti likwere ndi funde, pondani likafika pamwamba, osalumpha likamatsika. Musaike dzanja kapena phazi pakati pa boti ndi sitima. Inu tsikani poyamba, wogwira ntchito akupatsireni mwana, kenako mayi atsike ogwira ntchito awiri atawagwira m'mikono. Pemphani thandizo limeneli ulendo usanathe kuti adziwiretu.

Ndasunga pomaliza mphindi zofika, chifukwa ndi pamene aliyense amaona ngati ulendo watha. Pa 20 Sepitembala 2018, pa nyanja ya Victoria ku Tanzania, sitima ya Nyerere inkawoloka kuchokera pachilumba cha Ukerewe kupita pa Ukara, zilumba zoyandikana ngati zanuzo. Inali yoyenera kunyamula anthu pafupifupi 100 koma inadzaza mopitirira kawiri, lili tsiku la msika. Ikuyandikira doko, anthu anakhamukira mbali imodzi pokonzekera kutsika, ndipo inagubuduzika patatsala mamita ochepa kuti ifike. Anthu 228 anafa. Munthu mmodzi akasuntha sitima siimva, koma anthu mazana akasunthira kumodzi ndi matani ambiri amene achoka mbali ina kupita ina, pa nthawi yomwe sitima ikukhota kuti ikocheze.

Choncho mukadzaona doko likuyandikira, anzanu akuimirira ndi kukokera zikwama kukhomo, inu khalani pansi, mwana pamiyendo, mayi pambali panu. Dikirani zingwe zimangidwe, injini itsike mawu, khamu lidutse. Mukatero mayi adzayenda pamakwerero popanda wowakankha, dzanja limodzi pachitsulo, ndipo wogwira ntchito adzakhala ndi mpata wokunyamulirani mwana mpaka pamtunda.